Ndimatayipa osayang'ana koma sindidziwa komwe kuli zilembo, mutu wanga uli bwino?

Funso: Ndimagwira ntchito ya usekilitale ndipo ndatayipa zaka zambiri moti sindiyang'ananso pa kiyibodi. Tsiku lina mwana wa mchemwali wanga amene ndikumuphunzitsa kompyuta anandifunsa kuti V ali pati, ine kakasi, mpaka ndinachita kuyika manja pa tebulo nkumayerekeza kutayipa kuti ndimupeze. Chinanso, pasiwedi ya imelo ndimailowetsa tsiku ndi tsiku pa kompyuta ya ku ofesi koma nditafuna kuilowetsa pa foni inandithawa. Kodi nkuyamba kuiwala kwa ukalamba? Nanga mwanayu ndimuphunzitse bwanji poti zomwe ndimachitazo sinditha kuzifotokoza?

Yankho: Achemwali, mtima m'malo kaye, mutu wanu uli bwinobwino ndipo za ukalamba palibepo apa. Zomwe mwafotokozazi zimachitikira pafupifupi aliyense amene wakhwima pa kutayipa, moti mukanandiuza kuti mumatha kulakatula kiyibodi yonse kuyambira pa Q mpaka pa M osaphonya, apo nde ndikanadabwa.

Ku Vanderbilt University, mumzinda wa Nashville ku America, kuli katswiri wa za kaganizidwe ka munthu dzina lake Gordon Logan yemwe wathera zaka zambiri akufufuza anthu otayipa. Chakumapeto kwa 2013 gulu lake linatulutsa zotsatira za kafukufuku yemwe anatsogolera Kristy Snyder. Anatenga anthu 100 odziwa kutayipa nkuwayesa kaye sipidi, ndipo pa avereji ankatayipa mawu 72 pa mphindi, molondola ka 94 pa 100 aliwonse, anthu oti manja awo ndi akuthwa ndithu. Kenako anawapatsa pepala lojambulidwa kiyibodi yopanda zilembo nkuwauza kuti m'masekondi 80 alembe chilembo chilichonse pamalo pake. Pa zilembo 26 zija avereji inali 15 basi, zina anaziyika malo olakwika zina anangosiya osalemba. Anthu omwewo amene mphindi zochepa zapitazo zala zawo zimapeza zilembo zonsezo osafunsa munthu.

Mu kafukufuku yemweyo muli gawo lina lomwe likuyankha funso lanu la kuiwala. Ambirife timaganiza kuti poyamba tinkadziwa malo a zilembo, kenako tinaiwala chifukwa tinasiya kuyang'ana. Nde iwo anatenga anthu ena nkuwaphunzitsa kiyibodi yachilendo yotchedwa Dvorak, yomwe zilembo zake zinayalidwa mosiyana ndi kiyibodi yathu ya masiku onseyi yotchedwa QWERTY, ndipo atangoiphunzira kumene zinthu zikadali zatsopano anawapatsanso pepala lopanda zilembo lija. Zinatuluka zofanana, amatha kuitayipa koma kuijambula pa pepala ayi. Ndiye kuti mwina simunaiwale kalikonse, mapu a kiyibodi simunawasungepo m'mutu mwa njira yoti mungawatchule pakamwa chiyambire.

Tiwerengetse pang'ono kuti muone kuti sizikanatheka mwanjira ina. Poyesa sipidi, liwu limodzi amaliwerengera ngati mabatani 5, nde mawu 72 pa mphindi ndi mabatani 360, kutanthauza mabatani 6 pa sekondi iliyonse. Koma munthu ukamuuza kuti nyali ikangoyaka dina batani, zimamutengera pafupifupi kota ya sekondi kuti aone nkudina, ndipo pamenepo batani ndi limodzi lokha palibe zosankha. Mukanati muziganiza chilembo chilichonse pachokha, kuti chili pati, chala chiti chipiteko, bwenzi kalata imodzi ikukutengerani mmawa wonse ndipo abwana akanayamba kale kufunsa ngati muli bwino. Sipidi yomwe muli nayoyo inabwera chifukwa choti maganizo anu anachokamo mu ntchito ya zala.

Logan ndi mnzake Matthew Crump amafotokoza kuti potayipa pamayenda ntchito ziwiri nthawi imodzi, ina pamwamba ina pansi. Yapamwamba ndi inuyo amene mukudzimva, mukuwerenga zomwe abwana alemba pamanja kapena mukuganiza chiganizo chanu, nkusankha liwu lotsatira. Yapansi imalandira liwu lathunthulo nkuliphwanya kukhala zilembo, kugawa kuti ichi dzanja lamanzere ichi lamanja, chala chakuti chitsike mzere wapansi chakuti chikwere, nkudina mwa ndondomeko yake. Zili ngati kapitawo ndi aganyu pomanga nyumba, kapitawo amangoti khoma lifike apa, sauza munthu kuti njerwa aigwire ndi zala zingati, ndipo akabwera kudzayendera amayang'ana khomalo osati manja a anthu. Kapitawo wanu amapereka liwu nkumayang'ana pa sikirini ngati latuluka bwino. Za komwe kuli V sizimukhudza. Nde mwana uja atafunsa, funso linafikira kwa kapitawo yemwe alibe yankho, ndipo munachita zanzeru poyika manja pa tebulo, munatuma aganyu kuti agwire ntchito inu nkuonerera komwe chala chapita. Akatswiri otayipa ambiri amachita zomwezo akafunsidwa, mudzawaona zala zikugwedezeka m'mwamba asanayankhe.

Umboni wina uli mu zolakwitsa zanu zomwe, mukazisiya osafuta nkuziyang'anitsitsa. Wongoyamba kumene amasochera, amadina batani loyandikana kapena kuima nkumasakasaka. Katswiri amalakwitsa mwa mtundu wina. Mufuna kulemba anthu mukupeza mwalemba anhtu, ndithu wasanduka ndihtu. Taonani, T ali ku dzanja lamanzere H ali ku lamanja, ndipo manja awiriwa sadikirana, onse amanyamuka pafupifupi nthawi imodzi kulowera ku mabatani awo nde lamanja likangofulumira pang'ono chabe H amafika T asanafike. Ofufuza a ku University of California ku San Diego cha m'ma 1980 anajambula manja a akatswiri ndi kamera nkuona kuti chala chimayamba ulendo wopita ku batani lake zilembo zam'mbuyo zisanadinidwe nkomwe, ndipo kusinthana malo kwa zilembo kotereku nthawi zambiri kumachitika pa zilembo za manja osiyana. Nchifukwa chakenso zilembo ziwiri zotsatana zikakhala za manja osiyana zimatuluka mwachangu kuposa zikakhala za dzanja limodzi, dzanja lina limakhala litakonzeka kale pomwe linzake likudina.

Kulakwitsa komwe ine kumandisangalatsa ndi kwa zilembo zobwereza. Mufuna zoona mukulemba zonna, kuuza nkukhala kuzza. Ofufuza awiri, David Rumelhart ndi Donald Norman, analemba za zimenezi mu 1982, kuti lamulo loti dina kawiri limaoneka kuti limasungidwa palokha osamangiriridwa ku chilembo chake, nde nthawi zina limagwera pa chilembo choyandikana nacho. Palibe munthu wodziwa Chichewa angaganize kuti zoona amalemba ndi N awiri, sipelo mukuidziwa bwinobwino, chasokonekera ndi dongosolo la pansi lija.

Koma kafukufuku amene amandiseketsa mpaka pano ndi wa 2010, anatuluka mu magazini ya Science. Logan ndi Crump anakonza kompyuta yachinyengo, munthu akatayipa liwu molondola iyo nthawi zina imaonetsa pa sikirini ngati walakwitsa, ndipo nthawi zina munthu akalakwitsadi iyo imakonza mwakachetechete nkuonetsa zolondola. Akawafunsa, ambiri ankavomera milandu yomwe sanapalamule, eya apa ndaphonya, komanso ankatenga ulemu pa mawu omwe kompyuta inawakonzera. Koma zala sizinapusitsidwe. Munthu akalakwitsadi zala zimachedwerako pang'ono pa mabatani otsatira, ndipo kuchedwa kumeneku kunkaoneka olo sikirini ikuonetsa kuti zonse zili bwino, pomwe pa zolakwika zongopekedwa ndi kompyuta zala zinkangopitirira ndi sipidi yomweyo ngati palibe chachitika. Ndiye muli ndi oyang'anira zolakwika awiri, wina amadalira maso wina amadalira kumva kwa zala, ndipo wachiwiriyu sanamizika. Nokha mukudziwa nthawi zija chala chimathamangira pa Backspace inu musanaone nkomwe chomwe chalakwika, maso akadali pa pepala la abwana.

Chinthu chimodzi choti mudziwe nchakuti kapitawo akayamba kulowerera pa ntchito ya aganyu zinthu zimaonongeka. Mu 2009 awiri omwewa anauza akatswiri otayipa kuti atayipe zilembo za dzanja limodzi zokha nkumadumpha za dzanja linalo. Zikumveka ngati ntchito yachepa eti, koma sipidi inagwa kwambiri ndipo zolakwika zinachuluka, chifukwa anthuwo samadziwa kuti chilembo chakuti chimadinidwa ndi dzanja liti, amachita kuyang'anira chala chilichonse. Yesani nokha, tengani chiganizo chilichonse mutayipe zilembo za kumanzere zokha, muona mmene mukhalire ngati mwana wa Sitandade 1. Ndipo izi ndi zomwe zimachitika abwana akaima kumbuyo kwanu kudikira kalata, mwadzidzidzi manja omwe amauluka aja ayamba kupunthwa. Luso silinathawe ayi, kungoti mantha akupangitsani kuti muyambe kuyang'anira zala. Mankhwala ake ndi kubweza maganizo pa mawu, muziwerenga chamumtima chiganizo chomwe mukulembacho, manja muwasiye.

Anthu amakonda kunena kuti zala ndi zomwe zimakumbukira, koma zonse zili mu ubongo momwemo, kungoti ubongo susunga zinthu malo amodzi. Zomwe mungathe kufotokoza pakamwa, monga dzina la munthu kapena zomwe munadya dzulo, zimadalira kwambiri kachigawo kotchedwa hippocampus. Luso la manja limadalira mbali zina, makamaka basal ganglia zomwe zili mkati mwenimweni mwa ubongo, cerebellum yomwe ili kumbuyo chakunkhongo, ndi mbali yapamwamba yomwe imalamula minofu. Zinadziwika bwino kudzera mwa bambo wina wa ku America dzina lake Henry Molaison, yemwe mu 1953 anamuchita opaleshoni ya mu ubongo pofuna kuchepetsa khunyu, ndipo anamuchotsa gawo lalikulu la hippocampus mbali zonse ziwiri. Kuyambira pamenepo samathanso kusunga zatsopano, munthu wocheza naye lero mawa amakhala mlendo. Wofufuza wina dzina lake Brenda Milner anamupatsa ntchito yotsata mizere ya nyenyezi yojambula ndi pensulo akuyang'ana dzanja lake pa galasi lokha, ntchito yovuta zedi poti galasi limatembenuza zinthu, ndipo kwa masiku atatu bamboyu ankapita patsogolo tsiku ndi tsiku pomwe iye samakumbukira kuti anaichitapo. Dzanja linaphunzira, mwini wake osadziwa. Inu hippocampus yanu ili bwinobwino, koma nkhani ya bamboyu ikuonetsa kuti kudziwa kuchita chinthu ndi kudziwa kuchifotokoza zimasungidwa kosiyana.

Pasiwedi ija nde nkhani yake ndi yomweyi koma yafika patali. Pasiwedi yabwino sikhala liwu lenileni, imakhala zilembo zosakaniza ndi manambala ndi tizizindikiro, nde mukaidina mmawa uliwonse kwa miyezi imasanduka kayendedwe kamodzi ka manja ndipo kapitawo amangoti lowetsani ija, osaitchulanso. Mukafika pa foni zonse zasintha, mukugwiritsa ntchito zala zazikulu ziwiri m'malo mwa zala zonse, manambala ndi zizindikiro abisala pa tsamba lina la kiyibodi, chilembo chachikulu chimafuna kudina kwina. Kayendedwe kamene manja anu amadziwa kalibe pogwira. Zomwezi zimachitika ndi PIN, pa foni 1 2 3 ali pamwamba pomwe pa manambala a kumanja kwa kiyibodi ya kompyuta pamwamba pali 7 8 9, nde munthu amene PIN yake ya Mpamba kapena Airtel Money anaisunga ngati kachithunzi ka kayendedwe ka chala amatha kusokonezeka akaifuna pamalo ena, kapena akangoima nkuyamba kuiganizira.

Chochita nchosavuta. Khalani pa kompyuta ya ku ofesi ija nthawi yomwe palibe munthu pafupi, potsegula imelo dinani kadiso kamene kamaonetsa zomwe mukulemba, kapena tsegulani tsamba lopanda kanthu la Notepad, nkuitayipa mwachangu mmene mumachitira mmawa uliwonse, osaima pakati. Mukaima pakati yathawa, yambiraninso poyamba. Ikatuluka iwerengeni, ilembeni pa kapepala kokasunga kunyumba malo okhoma osati pansi pa kiyibodi chonde, nkufuta pa sikirinipo osaseva. Ndipo muchite zimenezi msanga, chifukwa pasiwedi yokhala m'manja mokha ndi yoopsa, mukapita ku holide mwezi wathunthu kapena akakusinthirani kompyuta mutha kudzapeza kuti palibe amene akuidziwa, inu kapena manja anu.

Za kusintha kompyutazi ndiyikepo ndemanga, poti malaputopu ambiri omwe timagula kuno ndi ogwiritsidwa kale ntchito ochokera maiko osiyanasiyana. Kiyibodi ya ku America chizindikiro cha @ chili pa 2, ya ku Britain pa 2 pali zizindikiro zotsegulira mawu a munthu ndipo @ ali chakumanja pafupi ndi Enter. Ya ku Germany Y ndi Z anasinthana malo, tangoganizani kulemba zikomo nkumatuluka yikomo. Ya ku France nde ngakhale A anasamuka. Komanso zomwe zalembedwa pa mabatani ndi zomwe kompyuta yaikidwa mkati zimatha kusiyana, nde pasiwedi yokhala ndi zizindikiro ikakana pa kompyuta yachilendo, yang'anani kaye kuti kiyibodi yaikidwa pa chilankhulo chanji musanayambe kukayikira mutu wanu. Zala zimadaliranso kukhudza, Crump ndi Logan anayesapo kuchotsa mabatani nkusiya anthu kuti atayipe pa malo osalala ndipo sipidi inatsika zolakwika nkuchuluka. Timizere titotupa timene tili pa F ndi J tinayikidwa dala kuti zala zamkombaphala zizipeza pokhala popanda maso. Galasi la foni lilibe zimenezi nchifukwa chake pa foni aliyense amayang'ana.

Tibwere ku ukalamba poti ndi umene wakuopsani. Mu 1984 Timothy Salthouse anayesa anthu otayipa a zaka kuyambira 19 mpaka 72. Pa mayeso ongoona kufulumira kwa chala, monga kudina msanga chinthu chikaoneka, achikulire ankachedwa monga mmene tingayembekezere. Koma pa kutayipa kwenikweni sankatsalira kwa achinyamata. Chinsinsi chinali m'maso, achikulire amawerenga patsogolo kwambiri kuposa pomwe zala zafika nde manja amakhala ndi nthawi yokwanira kukonzeka. Luso limeneli ndi limodzi mwa zinthu zomwe zimakhalitsa munthu akamakula. Choti chikuthamangitseni ku chipatala ndi china, ngati mwadzidzidzi dzanja limodzi lafooka kapena lachita dzanzi, mawu omwe mumatayipa bwinobwino ayamba kutuluka osamveka, kulankhula kwasintha kapena mbali imodzi ya nkhope yagwa, zimenezo zitha kukhala sitiroko ndipo musadikire kuti kuche. Dzanzi lobwera pang'onopang'ono ku chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati makamaka usiku nthawi zambiri ndi mtsempha wopanikizika pa mfundo ya dzanja, limenelo si la changu chotero koma kaonetseni. Kusadziwa komwe kuli V sikuli m'gulu limeneli.

Nde za mwanayo. Choyamba musadzivutitse kufotokoza zomwe manja anu amachita, simungathe ndipo iyenso sizingamuthandize. Jambulani kapena sindikizani chithunzi cha kiyibodi, mupake mitundu kusonyeza chala chomwe chimadina zilembo zakuti, nkuchimata pakhoma kapena pambali pa sikirini molingana ndi maso ake. Akasowa chilembo ayang'ane pa chithunzicho osati pansi, ndipo ngati maso akukanika kumvera phimbani manja ake ndi kansalu. Masiku oyamba aziganiza chilembo chilichonse ndipo azichedwa momvetsa chisoni, ndi mmene zimayambira, musamuthamangitse. Mwana akathamangira sipidi asanakhazikike amaphunzitsa manja zolakwika, ndipo manja akaphunzira chinthu kuchichotsa ndi ntchito yaikulu kuposa kuchiphunzira poyamba.

Kutalika kwa pulakatisi kuli ndi nkhani yake yakale. Mu 1978 Alan Baddeley ndi mnzake Longman analemba za ogwira ntchito ku positi ofesi ku Britain omwe amaphunzitsidwa kutayipa pa makina osankhira makalata. Ena amaphunzira ola limodzi pa tsiku, ena mpaka maola 4 pa tsiku, awiri mmawa awiri masana. Powerengera maola onse omwe munthu anathera, a ola limodzi aja ndi amene anafika pa luso ndi maola ochepa, ngakhale iwowo ndi amene ankadandaula kwambiri poti masiku amachuluka. Komanso tulo timagwira ntchito, mu 2002 Matthew Walker ndi anzake anaphunzitsa anthu kudina manambala motsatana ndi zala, ndipo omwe anagona usiku nkuyesedwanso mawa lake anafulumira ndi pafupifupi 20 pa 100 popanda pulakatisi ina. Ndiye kwa mwana mphindi 20 kapena 30 tsiku lililonse zikuposa kumukhazika pa mpando Loweruka lonse mpaka atadana nayo kompyutayo.

Funso lomwe anthu amakangana ndi lakuti kodi mpaka zala zonse. Ku Aalto University ku Finland mu 2016 anamata timadontho pa zala za anthu 30 nkuwajambula ndi makamera akutayipa, ndipo anapeza kuti ena odziphunzitsa okha ogwiritsa ntchito zala 6 kapena kuchepera apo amathamanga chimodzimodzi ndi omwe anapita ku kosi. Chomwe chimasiyanitsa othamanga ndi ochedwa sichinali kuchuluka kwa zala koma kukhazikika, chilembo chimodzi chizidinidwa ndi chala chomwecho nthawi zonse, manja asamayendeyende kiyibodi yonse, ndipo chala chotsatira chizikonzeka msanga. Gulu lomwelo mogwirizana ndi a ku yunivesite ya Cambridge linasonkhanitsanso zotayipa za anthu 168,000 pa intaneti, ndipo mu 2018 linalengeza kuti linapeza avereji ya mawu 52 pa mphindi, ndipo othamanga kwambiri amadina batani lotsatira asanachotse chala pa loyambalo. Ine maganizo anga, mwana amene akuyamba kumene muphunzitseni zala zonse basi, poti palibe choti achotse, komanso odziphunzitsa okha aja amayang'ana pansi kwambiri, zomwe zimavuta ukamakopera kuchokera pa pepala monga ntchito yanuyo. Koma munthu wamkulu amene akutayipa kale bwino ndi zala zake zisanu ndi chimodzi sindimuvutitsa, bola akonze zilembo zochepa zomwe amazidina mosinthasintha zala.

Chomaliza chomwe mapulogalamu ophunzitsira kutayipa sangakuuzeni, poti pafupifupi onse ndi a Chingerezi. Manja saphunzira zilembo zokha, amaphunzira magulu a zilembo omwe amakumana nawo kawirikawiri, nde mwana amene wachita pulakatisi ya Chingerezi chokha adzauluka pa lipoti la Chingerezi nkumakwawa pa kalata ya Chichewa. Kiyibodi ya QWERTY inachokera ku makina a Christopher Latham Sholes omwe kampani ya Remington inayamba kugulitsa mu 1874, ndipo Chichewa sichinali m'maganizo mwa munthu. Tatengani liwu loti munthu. M, U ndi N onse ndi a chala chamkombaphala chakumanja, chitsike pansi, chikwere pamwamba kudumpha mzere wapakati, chitsikenso pansi, kenako T apite kumanzere, H ndi U abwererenso ku chala chomwechija, zilembo zisanu mwa zisanu ndi chimodzi pa chala chimodzi. Nyumba chimodzimodzi, N Y U M onse chala chomwecho. A amene ali paliponse m'Chichewa anamupatsa kachala kakang'ono ka kumanzere komwe ndi kofooka, pomwe Q ndi X omwe sitiwafuna nkomwe angokhala phee pa malo awo. Ndiye mulembereni mndandanda wanuwanu wa mawu oti azibwereza, munthu, nyumba, muno, nkhuku, mphunzitsi, ndzatenga, kutsuka, chifukwa, kuti magulu ngati nkh, mph, nth, dz ndi ts alowe m'manja ngati chinthu chimodzi. Muyikemonso ng'ombe, ng'oma ndi m'nyumba kuti kachala kakang'ono ka kumanja kazolowere kupeza kachizindikiro kapamwamba kaja, poti ana ambiri amangokasiya chifukwa chosadziwa komwe kali, nkumalemba ngoma pomwe akunena ng'oma. Mawu ataliatali ngati sindinakuuzeni muwasungire sabata zakutsogolo, ayambe ndi afupiafupi mpaka atasiya kuyang'ana pa chithunzi chija.